Kauntala Yofika pa Chigongono

Inali hafu pasiti seveni m'mawa, ndipo mvula yowaza inalibe maganizo oleka. Pa siteji ya basi anthu anapanikizana pansi pa kadenga ka malata, aliyense akuteteza chake. Kumapeto kunaima mnyamata wopenta nyumba, chitini cha penti chili pakati pa miyendo, ovolosi yake ili mawangamawanga.

Pambali pake panali mtsikana wamfupi, atafungatira bokosi loyera la katoni ngati khanda. Madzi otsika padenga ankagwera ndendende pa chivindikiro cha bokosilo.

"Achemwali, katundu wanuyo akunyowa," anatero wopentayo.

"Ndikuona, achimwene. Maso ndili nawo. Dzanja lachitatu ndi limene ndaiwala kunyumba."

Anthu anaseka. Mnyamatayo anavula jekete n'kufunditsa bokosilo.

"Muli chiyani umu chofunika chonchi?"

"Keke ya mwana wa eni ake, akukwanitsa zaka zisanu lero. Ikangonunkha penti, mukafotokoza nokha kwa mayi ake, a Mawanga inu."

Dzinalo linamumatirira pomwepo. M'basi anakhala mpando umodzi, bokosi lili pa miyendo ya onse awiri. Asanatsike, mnyamatayo anapempha nambala ya foni, ndipo mtsikanayo anailemba kuseri kwa sandipepala ndi dzanja lamanzere.

"Kani ndinu Kamanzere!"

"Manzere omwewa ndi amene amaphika. Mudzalawa mudzasiya kunyoza."

Mawanga analawadi, ndipo sanabwererenso m'mbuyo. Pasanathe miyezi iwiri, "inu" uja anali atasanduka "iwe", ndipo mafoni awo sankapuma.

"Kamanzere wanga, lero ndapenta khoma lonse la pinki ndikuganiza za iwe. Vuto n'loti eni nyumba anafuna lobiriwira."

"Usandinamizire ine. Wadya koma?"

"Ndadya. Koma tiyi wopanda iwe ndi madzi otentha chabe."

"Bodza lako limatsekemera kuposa keke yanga, iwe Mawanga."

Kamanzere ankaphikira m'khitchini ya azakhali ake, mu uvuni yaing'ono yolowa thireyi imodzi basi. Koma m'mutu mwake munali bekale yathunthu. Lamlungu lina masana, akudikira keke kuti izizire, anaitulutsa.

"Ine sindikufuna bekale yoyera mbee ngati chipatala," anatero. "Ndikufuna munthu akalowa azimva ngati wagwera m'kati mwa keke."

"Wagwera bwanji?"

"Tenga pensulo, usandifunse ngati wapolisi."

Mawanga anatulutsa buku lake lojambulamo. Kamanzere ankayenda m'khitchini monse, manja ali m'mwamba. Makoma akhale mizeremizere ngati keke yodulidwa: pansi pofiirira, pakati kirimu, ndi kamzere kakang'ono kofiira ka jamu. Kuchokera kudenga kuzitsika chokoleti, madontho ena aatali, ena aafupi, chifukwa chokoleti sichidziwa kufola. Mipando ikhale ngati madonasi. Nyale zilendewere ngati makoni a ayisikirimu ozondoka. Pansi pawazidwe timadontho tamitundumitundu. Ndipo chitseko chikhale bisiketi yolumidwa pakona.

"Wailuma ndani?" anafunsa Mawanga.

"Iweyo. Ndani winanso wadyera kuno?"

Malamlungu ambiri anatha chomwecho, mpaka masamba khumi ndi limodzi anadzaza. Dzanja lojambula linali la Mawanga. Maganizo onse anali a Kamanzere, ndipo Mawanga ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Atafika pojambula kauntala, Mawanga anatulutsa tepi yoyezera.

"Ima chilili. Pinda mkono."

"Ukundisokera diresi?"

"Kauntala imayenera kufika pa chigongono cha mwini wake, apo ayi msana umalira." Anayeza kuchokera pansi mpaka pa chigongono, n'kulemba nambalayo m'buku. Kauntalayo anaijambula ngati keke yosanjikiza katatu yochotsedwa chidutswa chimodzi, pomwe wogulitsa azilowera. Polowerapo anapaika kumanzere. Kabati ya mpeni ndi shelefu ya mabokosi anaziikanso kumanzere.

Kamanzere anayang'ana tsambalo kwa nthawi yaitali.

"Palibe munthu wina amene ndinamuuzapo zimenezi," anatero chapansipansi. "Ngakhale azakhali. Angandiseke."

Mawanga anamugwira dzanja lomwe linali ndi ufa.

"Ndikulonjeza, mtima wanga: zojambula izi sizidzakwera pa khoma la munthu wina. Ndi zako. Tsiku lina ndidzazipenta ndekha, pa makoma ako."

Ankanena zoona tsiku limenelo. Chovuta ndi chimenecho.

Patapita miyezi ingapo, mayi wina wamtali, wolankhula mofuula koma wamtima wabwino, anagula sitolo yakale ya misomali ndi maloko kuti atsegulemo bekale. Anaitana openta atatu kuti aonetse luso lawo. Mawanga anapita ndi zithunzi za ntchito zake za m'mbuyo: khoma loyera, khoma la buluu, khoma lina loyera. Mayiwo anayasamula.

"Zabwino, mwananga. Tidzakuimbira."

Aliyense wofuna ntchito amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Buku lija linali m'chikwama. Silinagwe mwangozi. Palibe amene anamukakamiza kulitulutsa. "Ndingowaonetsa chabe," anadziuza, "adziwe kuti dzanja ndili nalo."

Mayiwo anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anaimirira.

"Izi! Izi ndi zimene ndakhala ndikuzifuna osadziwa kuzitchula! Mwanawe, maganizo otere umawatenga kuti?"

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri Mawanga anakhala akupaka mtundu womwe wauzidwa, pa khoma lomwe walozeredwa. Palibe amene anamufunsapo zomwe zili m'mutu mwake. Funsolo linamukoma ngati madzi kwa munthu waludzu.

"Amangobwera, mayi," anayankha.

Mawu awiri okha, koma anatuluka nawo m'sitolomo akulemera ngati matumba a simenti. Kodi akanabwerera n'kukana? Akanatha. Chitseko chinali chikadali chotsegula. Koma miyendo inamutengera ku siteji ya basi.

Madzulo ake Kamanzere analemba: "Zayenda bwanji, wokondedwa?"

"Ndapeza ntchito ya milungu isanu ndi umodzi. Maofesi."

"Mulungu ngwabwino! Bwera Lamlungu, ndikuphikira keke ya chikondwerero."

Ntchito inayamba. Mazenera anawamata manyuzipepala kuti odutsa asaone kanthu mpaka tsiku lotsegulira. Mayi aja analembanso kalipentala, bambo wachikulire woika pensulo kukhutu, wokonda nthabwala. Mawanga anang'amba masamba a mipando, chitseko ndi kauntala n'kumupatsa momwe analili.

"Aphwanga, zaka makumi atatu ndikukhoma matabwa, sindinakhomepo donasi," anatero bamboyo. "Akazi anga akamva aziti ndayamba kumwa."

Poyamba Mawanga ankadzitonthoza kuti asintha apa ndi apo, kuti zisafanane kwenikweni. Kamzere ka jamu anakapenta kachikasu. Kananyansa. Mawa lake anakabwezera kofiira. Anayesa kufanizitsa madontho a chokoleti kuti akhale a msinkhu umodzi, ndipo anaoneka ngati mpanda. Anawafufuta. Chilichonse chomwe Kamanzere ananena chinali cholondola, ndipo khoma lililonse likakongola, Mawanga ankamva ngati wina wamuponda pachifuwa.

Lamlungu ankakhala m'khitchini muja, keke ili pambale osaikhudza.

"Bwanji sukudya? Yapsa?"

"Ayi, ndi yabwino. Fungo la penti landitsekereza."

"Waonda, Mawanga wanga. Maofesi amenewo akukudya. Akupentetsa mtundu wanji?"

"Woyera."

"Ndiye chifukwa chake. Pirira, tsiku lina udzapenta za ife."

Anamupukuta kadontho ka penti yofiirira kuseri kwa khutu, osafunsa kuti penti yofiirira ikutani m'maofesi oyera. Kukhulupiriridwa kotereko kunkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Sabata yachisanu kauntala inafika. Anthu anayi anailowetsa n'kuikhoma pansi. Inali yokongola moti munthu akanatha kuiluma. Eni bekale anazungulira kumanja kuti alowe, n'kupeza palibe polowera. Anazungulira kumanzere, analowa, anaika manja pamwamba, n'kuwerama ngati akuchapa.

"Kodi kauntala imeneyi ndi ya ana a sukulu ya mkaka?"

"Ine ndatsata pepala, mayi," anatero kalipentala. "Ndinafunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinayankhidwa kuti ee."

Anafunsadi, koma Mawanga anali pamwamba pa makwerero, maganizo ali kwina. Mmisiri aliyense amayeza mwini ntchito asanadule thabwa. Mawanga anaiwala, chifukwa m'mutu mwake mwini wa kauntalayo anali atayezedwa kale.

"Ndi kapangidwe kake, mayi," anayankha Mawanga. "Kuti ana aziona makeke."

"Nanga kabati kumanzere? Ana omwewo?" Mayiwo anaseka n'kugwedeza mutu. "Isiyeni. Kutsegulira ndi Loweruka la sabata ya mawa, nthawi yogumula palibe. Ndingofuna wantchito wamfupi."

Atachoka, kalipentala anachotsa pensulo kukhutu n'kuloza nambala ya papepala.

"Aphwanga, uwu si muyezo wa m'buku la sukulu. Uwu ndi muyezo wa munthu. Ndi ndani?"

Mawanga anakhala pa mpando wa donasi n'kufotokoza zonse. Bamboyo sanaseke.

"Thabwa ukalidula molakwika, umamuuza mwini wake tsiku lomwelo. Ukalibisa pansi pa penti, limadzalankhula lokha, ndipo limasankha tsiku la alendo. Pitani mukamuuze lero."

Anapitadi. Anaweruka msanga, anasamba, anakonza mawu m'basi monse. Koma atangolowa m'khitchini, Kamanzere anamudumphira m'khosi.

"Ndili ndi nkhani! Ukuidziwa sitolo yakale ya misomali ija, yomatidwa manyuzipepala? Akutsegulamo bekale, ndipo akufuna wophika makeke. Ndaimba foni, andiitana mawa teni koloko!"



"Ndikufuna ndikaphunzire momwe bekale imayendera," anapitiriza Kamanzere. "Chaka chimodzi kapena ziwiri. Kuti yathu ija ikadzatsegulidwa, isadzatigwere. Bwanji sukusangalala?"

Mpata unali umenewo, wotambalala ngati msewu. Kodi panafunika mawu angati? Asanu? Khumi?

"Kumeneko n'kutali," anatero Mawanga. "Ndiponso ndinamva kuti eni ake ndi ovuta."

"Ukuwadziwa?"

"Ndinangomva."

"Aa, iwenso! Nsanje basi. Ukuopa kuti makasitomala azindiyang'ana." Anamupaka kirimu pamphuno. "Usaope, Mawanga wanga. Ine ndine wako mpaka mano adzathe m'kamwa."

Ali m'basi pobwerera, dzuwa likulowa, analemba pafoni: "Ndili ndi mlandu kwa iwe." Anayang'ana mawuwo mpaka siteji yachitatu. Anawafufuta. M'malo mwake anatumiza: "Zabwino zonse mawa, mtima wanga."

M'mawa mwake akanatha kudwala. Anaganizapo. Koma kuthawa kunamuonekera konyansa kuposa zonse zomwe anali atachita kale, choncho teni koloko inamupeza pamwamba pa makwerero, akumalizitsa madontho a chokoleti.

Chitseko cha bisiketi chinatseguka.

Kamanzere analowa atavala bulauzi yoyera yosita bwino, bokosi la keke yoonetsa lili m'manja. Anayenda masitepe awiri n'kuima. Anayang'ana pansi, pa timadontho tamitundumitundu. Anayang'ana mipando. Anayang'ana nyale. Anatembenuka n'kuyang'ana pakona pa chitseko, polumidwa paja. Kenako maso ake anatsata kamzere kofiira ka jamu, khoma lonse, mpaka pamene panatsamira makwerero, n'kukwera nawo.

Sanafuule. Mawanga akanakonda akanafuula.

"Takulandirani, asisi!" anatero eni bekale akutuluka kumbuyo. "Mwadabwa, eti? Aliyense amatero. Zonsezi ndi mutu wa mnyamata uyo ali m'mwambayo. Akuti zimangomubwerera! Tabwerani kuno, muike keke yanuyo pa kauntala tiione."

Kamanzere anapita molunjika kumanzere, osafunafuna polowera. Anaika bokosi pamwamba. Chigongono chake chinakhala pa kauntalayo ngati chinakulira pomwepo.

"Mpeni uli mu..." anayamba mayiwo, koma dzanja lamanzere la mtsikanayo linali litatsegula kale kabati.

Mayiwo anaomba m'manja. "Taonani zodabwitsa! Ngati anachita kukuyezani!"

"Anandiyezadi, mayi," anatero Kamanzere.

Kalipentala anaika hamala pansi pang'onopang'ono. Mawanga anatsika makwerero, bulashi ikudontha pa nsapato.

"Mayi, ndinakunamizani," anatero. "Maganizo onsewa si anga. Ndi a uyu. Inali bekale yake, yomwe amailota. Ine ndinangojambula, ndipo ndinalonjeza kuti sindidzaipereka kwa munthu."

Kamanzere anabweza mpeni m'kabati n'kutseka bwinobwino.

"Keke ndakusiyirani, mayi. Mulawe, ndi yabwino. Koma ntchito sinditha. Sindingakhale wantchito m'nyumba yanga yomwe."

Anatuluka. Mawanga anamuthamangira n'kumupeza pakhonde la sitolo yoyandikana nayo.

"Kamanzere! Mtima wanga, tandimvera."

"Lankhulani."

"Ndinalakwa. Ndinkafuna kukuuza tsiku lililonse. Dzulo ndinabwerera zomwezo."

"Dzulo munandiuza kuti kuno n'kutali."



"Mukanandipempha," anatero mtsikanayo, misozi ikutsika koma mawu ali chilili, "mwina ndikanakana. Mwina ndikanalira sabata yathunthu kenako n'kuvomera, chifukwa ndinkakukondani, ndipo ndinkaona momwe makoma oyera amakutopetserani. Koma milungu isanu mwakhala mukudya m'khitchini mwanga, mukununkha makoma anga, ine n'kumakupukutani penti kukhutu ngati chitsiru!"

"Ndinkaopa kukutaya."

"Ayi. Munkaopa kutaya kuomberedwa m'manja. Ineyo munali mutandiika kale pachiswe."

"Ndidzakupentera ina. Yoposa iyi. Ndikulonjeza..."

"Musalonjeze!" Anakweza dzanja. "Chonde. Mawu amenewo asiyeni apume."

Anapukuta nkhope ndi mpango, n'kuyang'ananso ku mazenera omatidwa manyuzipepala.

"Chikundipweteka kwambiri mukuchidziwa? Yakongola. Yakongola kuposa momwe ndinkaionera m'mutu. Ndalowa m'loto langa ngati mlendo wodzapempha ntchito."

"Ndichite chiyani? Ndiuze chilichonse."

"Musandiimbire. Musabwere kwa azakhali. Ndikadzafuna kulankhula, ndidzakufunani ndekha. Ndikapanda kutero, mudzadziwe kuti yankho ndi lomwelo."

Anawoloka msewu, wamfupi pakati pa anthu aatali, mpaka bulauzi yoyera ija inasowa kuseri kwa galimoto yonyamula zakumwa. Mawanga anaima pomwepo nthawi yaitali. Akanamuimba mlandu ndani? Mayi aja anangofunsa funso. Kalipentala anangotsata pepala.

Atabwerera m'kati, anapeza eni bekale atadula keke ija, akutafuna mwakachetechete. Sanamuyang'ane msanga.

"Ndataya wophika wabwino lero," anatero pomaliza. "Ndipo ndikanadziwa, ntchito yokongoletsa ino ndikanapatsa iyeyo, iwe n'kumangomugwirira makwerero. Aliyense wondifunsa ndizimuuza kuti mwini maganizo ndi ndani. Wamva?"

"Ndamva, mayi. Ndi zoyenera."

"Ndipo usaganize kuti uthawa. Khoma la kumbuyo lija lili theka. Kulisiya choncho sikumubwezera kanthu mwana wa eni ake."

Anatenga chikwama chawo n'kutuluka. Kalipentala sananene kuti ndinakuuza. Anangosuntha makwerero n'kuwaimika pa khoma la kumbuyo, n'kuponda phazi pa sitepe yapansi kuti asagwedezeke.

"Kwerani, aphwanga. Ndagwira."

Penti ya m'chitini inali itayamba kuuma pamwamba. Mawanga anachotsa kakhungu kake ndi kamtengo, anatakasa mpaka mtundu unabwerera, anaviika bulashi, n'kukwera.